Mng'alu wa pa Layini Yakale

Lolemba, 2 Malichi

Mvula tsiku lachinayi. Shire wasefukira, kumsika madzi a m'mawondo. Kuno ku Layini, nyumba yakale ya apolisi, kuli gwa. Ndazungulira kawiri m'mawa. Kudontha malo amodzi okha, chipinda chachisanu ndi chiwiri, pomwe lata linachita dzimbiri. Ndatchera beseni.

Akale ankadziwa kumanga. Maziko okwera masitepe asanu. Khoma njerwa zitatu kunenepa kwake, zomata ndi laimu, osati simenti ya masiku ano yonyenyeka ngati chigumu. Mizati khumi ndi inayi pakhonde, makomo opindika ngati uta. Mitanda ya tsanya, chiswe chimangonunkhiza n'kubwerera. Pamwamba pa khomo lalikulu, 1924. Manambalawo ndinawapakanso penti ndekha chaka chatha.

Ndinabadwira muno, chipinda chachitatu, bambo ali wapolisi wa kabudula. Inenso zaka makumi atatu ndi chimodzi m'yunifolomu, kupuma ndili Sajeni. Apolisi atasamukira ku siteshoni yatsopano nyumbayi inatsalira mileme. Anathamangitsa milemeyo ndani? Ine, Augustine Kaitano. Palibe anandituma.

Mayi Anita aimba foni, katswiri wa zomangamanga uja wa ku bungwe losunga zakale. Abwera pa 20 kudzayeza ndi kujambula. Akakhutira, Layini ilowa m'kaundula wa nyumba zotetezedwa. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikulemba makalata. "Tidzaipeze monga ilili pa zithunzi zija, Bambo Kaitano." Ndinati sipasuntha ngakhale msomali.

Lachitatu, 4 Malichi

Abwera. Mabwato atatu ochokera ku Makhanga, anthu, mphasa, mapoto. Mabanja makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Wowatsogolera a Howard, wapampando wa komiti ya za ngozi kuno. Akuti kusukulu kwadzaza, m'tchalitchi mwalowa madzi. Ndinakana. Iwo: "A Sajeni, awa ndi anthu, si mbuzi." Mbuzi zinaliponso, zisanu ndi ziwiri. Ndinatsegula geti chifukwa khamu lonse maso anali pa ine.

Kumapeto kwa mzere, Otilia. Mkazi wa malemu mng'ono wanga Leonard. Wakalamba, mutu mbuu, kutsokomola m'chitenje. Pambali pake mwana wake Jesinta, woyembekezera, masiku atsala pang'ono. Mwamuna akuti ali ku Joni.

Zaka zisanu ndi zinayi osamuona. Titaika Leonard, akuluakulu anakhala pansi n'kugamula kuti ndilowe chokolo monga mwa mwambo wathu. Mkaziyu anaimirira pamaso pa onse. "Bola ndikwatiwe ndi ng'ona." Anthu anaseka. Akatekisiti omwe anabisa nkhope m'chipewa. Ndimakumbukira aliyense amene anaseka, ndi pomwe anakhala.

Wogawa zipinda ndinali ine. Za kukhonde zonse kwa ena. Otilia ndi mwana wake, chitokosi. Kuseri, kopanda zenera, kabowo ka mpweya m'mwamba kongokwana dzanja, pansi mphete yachitsulo yomwe ankamangirirapo akaidi ovuta. Anayang'ana mpheteyo, kenako ine. "Takhuta, alamu." Kuthokoza kwa Chisena, koma mawu ake ozizira ngati mwala wa mumtsinje.

Sanapemphe china. Akanapempha mwina ndikanam'tsegulira chipinda chachitatu. Ndimangosungamo matsache ndi ndowa.

Lachisanu, 6 Malichi

Masiku awiri okha, nyumba yasanduka khola. Utsi m'zipinda, mwaye pa laimu. Zingwe zoyanikira matewera pa mizati. Wina wakhoma misomali inayi pa chitseko cha mlombwa kuti akoleke neti. Chitseko chomwe chapirira zaka zana! Ndinam'landa nyundo, neti ndinaponya pabwalo.

Malamulo ndamata pa khomo lalikulu. Moto m'chipinda ayi. Moto pakhonde ayi. Chingwe pa mzati ayi. Ophika akaphikire kuseri kwa mpanda. Akuti kumeneko mvula ikuzimitsa. Mvulayo ndinaitana ine?

Gogo wina wa m'chipinda chachisanu ndinam'peza akukoleza mbaula mkati. Ndowa imodzi ya madzi, nkhani yatha. Analira ngati ndam'menya. Phala lake linali lisanapse n'komwe.

Masana Jesinta. Anagwada movutikira, mimba ikum'lemera. "Bambo aakulu, amayi akulephera kupuma m'menemuja. Chipinda chotsekacho sitingagonemo?" Ndinati amayi ako ali ndi pakamwa, ndipo tonse tikudziwa kuti pamagwira ntchito. Abwere adzapemphe okha.

Ndadikira mpaka dzuwa kupendeka. Sanabwere.

Lamulungu, 8 Malichi

Dzuwa latuluka pang'ono. Kutchalitchi sindinapite, ndingasiye nyumba ndi anthu awa?

Otilia pa sitepe yotsiriza, kuwothera dzuwa, miyendo yotupa. Ndinawotcha mlamba wanga n'kudyera pakhonde, pamwamba pake penipeni. Fungo linam'fika, ndikudziwa. Sanatembenuke ngakhale kamodzi. Khosi lomwe lija, lowongoka ngati mtengo wa mgwalangwa.

Ndinayamba kumuona ndine, pa dansi ku Nsanje, Leonard asanam'dziwe. Zimenezi palibe akudziwa. Nsombayo theka ndapatsa galu.

Lachiwiri, 10 Malichi

Chotsekera zenera cha chipinda cha mfuti chapita. Cha mlombwa, chosemedwa pamanja, chokhala ndi timipata topendekera kuti mphepo ilowe koma mvula ayi. Zinali ziwiri zokha zotsala za nthawi imeneyo. Ndinatsatira utsi mpaka kuseri kwa chitokosi. Theka lili pansi pa poto, likuyaka bwinobwino. Mahinjesi m'phulusa.

Ndinakuwa mpaka anthu anasonkhana. Ndinati wachita izi atuluke, apo ayi nonse mugona panja. Otilia anatuluka atagwira khoma. "Ndathyola ndine, alamu. Nkhuni zonse n'zonyowa. Mwanayu msana ukum'pweteka, amafunika madzi otentha." Osapepesa. Kungonena ngati akunena za nyengo.

Ndinakankha potoyo ndi phazi. Ndatola chotsalacho, chakuda, chikununkha utsi. Ndachikulunga m'thaulo.

Ndinaimbira Mayi Anita. Ndimayembekeza kuti akwiya nane limodzi. Iwo: "Chotsekera tidzasemetsa china, Bambo Kaitano. Anthuwo ali bwanji? Asungeni bwino. Nyumbayo anamangira anthu." Tidzasemetsa china! Munthu wophunzira, wa madigiri, kulankhula ngati kalipentala wa pamsika. Za foniyi sindiuza munthu.

Lachitatu, 11 Malichi

Ndachita.

Khoma la kuseri, pakati pa chitokosi ndi mosungira katundu, pali kamzere pomwe laimu wakale anafufuma. M'mawa anthu atapita kukalandira ufa, ndinatenga msomali wa mainchesi sikisi. Kuchokera pa maziko mpaka pafupi ndi denga, mokhotakhota monga mng'alu umayendera. Pamwamba pokha, njerwa sindinakhudze. Ndinapakamo matope kuti uoneke wakuya.  Ndinapepesa khomalo, mokweza, ngati munthu.

Kenako kwa a Howard. Ndinati ndatumiza zithunzi kwa katswiri, ayankha kuti maziko amira, khoma lingagwe nthawi ina iliyonse n'kukoka denga lonse. Anabwera kudzaona. Anaika chala, nkhope inagwa. "Mwaona msanga, a Sajeni. Tikanaika maliro angati?"

Matenti afika dzulo, khumi ndi asanu. Akawakhoma pa bwalo la mpira. Bwalolo ndimalidziwa. Dambo lakale, mvula ikagwa achule amachitirapo msonkhano.

Lachinayi, 12 Malichi

Atuluka onse, dzuwa lisanafike pamutu. Mbuzi zomwe.

Ena anabwera kudzandigwira chanza. Gogo wa mbaula uja anawomba m'manja, akuti Mulungu andidalitse, ndawapulumutsa. Ndinalandira.

Otilia womaliza, atatsamira Jesinta. Sanalunjike ku geti. Anakhotera kuseri, n'kuima pa mng'alu paja. Anaupalasa ndi chikhadabo, n'kuyang'ana chalacho nthawi yaitali. "Leonard ankati nyumba yomwe anabadwiramo siidzagwa mpaka Yesu adzabwere. Mmodzi wa inu awiri ndi wabodza, alamu." Ndinati akufa sadziwa za maziko.

Ndinaganiza kuti akauza a Howard. Ndinam'yang'ana mpaka pa msewu. Anawadutsa a Howard osawauza kanthu.

Ndakhoma geti. Zii. Nkhunda zabwerera padenga.

Loweruka, 14 Malichi

Masiku abwino. Ndakolopa zipinda zonse khumi ndi ziwiri. Mabowo a misomali ndatseka ndi utuchi wa mlombwa wosakaniza ndi guluu, osadziwa sangaone. Laimu ndapaka kawiri, khonde likuwala mpaka maso kuwawa. Mng'alu wanga ndausiya kaye, a Howard angadutse. Ndidzaumata m'mawa wa pa 20.

M'chitokosi ndapezamo kansalu ka kumutu ndi kolona yoduka. Ndasesera kudzala.

Mvula yabwerera, yamphamvu kuposa yoyamba. Pakhonde bwalo la mpira limaoneka. Matenti oyera ali m'madzi ngati akakowa. Anthu akuunjika njerwa ndi nthambi kuti akweze mphasa.

Muno dontho lomwe lija basi. Beseni silinadzaze n'komwe.

Lolemba, 16 Malichi

A Howard pa geti, gambutsi matope okhaokha. Jesinta wachira dzulo, mwana wamkazi, mutenti momwemo, azimayi atam'tchingira ndi zitenje. Otilia chibayo. Msewu wa ku Nsanje waduka, galimoto sizikudutsa. Wazaumoyo wam'patsa mapiritsi, akuti chofunika kwambiri ndi malo ouma.

A Howard anafunsa ngati zipinda za kutsogolo, zotalikirana ndi mng'alu, sizingasunge odwala asanu okha. Ndinati katswiri ananena denga lonse. Mukufuna ndidzayankhe mlandu wa imfa za anthu? Anagwedeza mutu. "Mukunena zoona. Pepani pokuvutitsani."

Atapita ndinakhala pa sitepe. Ndinadziuza kuti akangotuma mawu, mawu amodzi, kuti alamu ndithandizeni, nditsegula. Ndinena kuti katswiri wasintha maganizo. Ndim'nyamula ndekha.

Atume mawu basi.

Lachitatu, 18 Malichi

Otilia wamwalira dzulo masana.

Ndinamva kulira kuchokera ku bwalo, ndili pa makwerero kupukuta manambala. Ndinamaliza kaye.

Lero m'mawa Jesinta. Masiku atatu chichirireni, wopanda nsapato, matope mpaka m'mawondo, kamwana pachifuwa. Sanakwere. Anagwada pansi pa masitepe, m'madzi. Akuti mtembo uli pa madesiki awiri a kusukulu, pansi pake madzi akuyenda. "Bambo aakulu, agone pakhonde lero lokha. Khoma silingawaphenso."

Ndinaganiza za olira. Mazana awiri, moto wa pa maliro, matope pa laimu watsopano, kutatsala masiku awiri. Ndiponso akakhala tsiku lonse khoma osagwa, mafunso. Ndinati lamulo ndi lamulo, silisankha wamoyo kapena wakufa.

 Jesinta, osakweza mawu, osandiyang'ana: "Amayi anandiuza kuti munakanda ndi msomali. Anati ndisauze munthu. Anati ndinu bambo anga otsala, ndisakuvuleni pagulu monga anachitira iwo."

Ndinati mayi ako malungo anawasokoneza mutu. Anadzuka, n'kupita.

Choncho ankadziwa. Masiku asanu ali m'madzi, akudziwa, pakamwa atatseka. Kundimvera chisoni, ine! Mkazi uyu ngakhale pofa wapeza njira yondiimira pamutu. Kuseka kuja kunali bwino.

Nsima yandikanika. Ndapaka vanishi chitseko chachikulu.

Lachinayi, 19 Malichi

Taika. Kumanda kwa kumtunda, chifukwa kwawo ku Makhanga manda ali pansi pa madzi. Dzenje linkadzaza akukumba, anyamata kukapa ndi ndowa. Bokosi la matabwa a mabenchi, losapala. Potsitsa linayandama, anachita kulipanikiza ndi mitengo.

Wamkulu wa banja ndine, ndiye wolankhula ndinali ine. Ndinavala jekete la mamendulo. Ndinati malemuwa anali mayi wolimba mtima, wosunga ulemu wa banja la Kaitano. Mawu anatuluka bwino, osakakamira. Azimayi anavomera.

A Howard polankhula ananditchula. Akuti pakanapanda maso a Sajeni, bwenzi lero tikukumba manda makumi asanu, osati amodzi. Anthu anatembenukira kwa ine. Jesinta ankayang'ana kamwana kake.

Mawa alendo. Nsapato ndapolisha.

Lachisanu, 20 Malichi

Ndinadzuka ndi chidebe cha laimu kuti ndimate mng'alu uja. Ndisanafike kuseri, galimoto pa geti. Mayi Anita afika seveni koloko, akuti anagona ku Bangula kuopa msewu. M'galimoto momwemo a Howard ndi akomiti awiri. Anakumana pa mlatho woduka, akomitiwo anathandiza kukankha galimotoyo.

Mayi Anita ndi wamng'ono kuposa mawu ake. Anayenda khonde lonse akusisita mizati. Anagona chagada pansi kujambula mitanda. Anati makomo opindika otere sanawaonepo kwina kuno kuchigwa.  Kenako: "Nanga anthu aja ali kuti?"

A Howard anayankha ndiwo. Anati tinawachotsa monga munalangizira, chifukwa cha mng'alu. Mayi Anita: "Mng'alu uti?"

Tonse kuseri. Anaugogoda ndi kanyundo. Anaukanda ndi kiyi wa galimoto, matope n'kugwa, njerwa n'kuonekera yofiira, yathunthu. Anaseka pang'ono, asanamvetse. "Uwu si mng'alu. Wina wangokanda ndi msomali. Khoma ili likhala zaka zina zana. Anakuuzani ndani kuti ndanena zimenezo?"

 A Howard anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka mamendulo. Chidebe cha laimu chinali chikadali m'manja mwanga.

Mayi Anita anamaliza kuyeza osandilankhulanso. Pokwera galimoto anauza a Howard, osati ine, kuti nyumbayi ilowa m'kaundula, palibe chokaikitsa. Anatinso anthu abwerere lero lomwe.

Zaka zisanu ndi chimodzi. Yalowa.

Loweruka, 21 Malichi

Abwerera dzulo masana. Ndimayembekeza miyala. Ndinaima pa khomo lalikulu kuti akandimenya andimenyere pomwepo. Palibe anatola mwala. Amangondilambalala ndi mitolo yawo monga amalambalalira mzati. Moni palibe. Kutukwana palibe. Gogo wa mbaula wakoleza moto pakhonde, pafupi ndi phazi langa, osandiyang'ana.

Loko wa pa geti a Howard adula ndi sowo. Zipinda agawa okha.

Jesinta sanabwere. Matenti khumi ndi anayi agwetsa, yatsala imodzi pakati pa bwalo. Azimayi apitako kawiri kukam'nyengerera. Akuti wanena kuti phazi lake silidzaponda masitepe a nyumba ino, ngakhale madzi am'fike m'khosi. Kamwana kayamba chifuwa.

Makani a mayi ake. Akufuna ndikam'gwadire. Adikira mpaka liti.

Lamulungu, 22 Malichi

Ndinapita m'mawa. Matope anandivula nsapato imodzi, ndinaisiya momwemo. Tenti yomanga ndi chingwe mkati. Ndinaitana. Ndinati Jesinta mwanawe, tiye, malo ouma alipo, bulangete langa lilipo, mwanayo ndinyamula ndine.

Mawu ake kuchokera mkati, aulemu, ngati akuyankha mlendo wosochera: "Pepani bambo, mukufuna ndani? Muno mulibe wachibale wanu."

Ndinagwada. M'matope, ine Kaitano, anthu akuonerera ali pa msewu. Ndinanena zonse, msomali, foni, zonse, mokweza kuti amve ndi a pamsewu omwe. Ndinatchula dzina la mayi ake. Sanamasule chingwe.

A Howard apita ndi njinga kukafuna wazaumoyo kutsidya kwa mlatho. Anadutsa pafupi nane, osaima.

Ndikulemba ndili pa chidebe kunja kwa tenti, kabuku pansi pa jekete. Mvula yayambanso kuwaza. M'mawa wonse kamwanako kamalira, kulira kosasa, kodukaduka, ndimawerenga. Kuyambira masana sikakulira. Ndaika khutu pa tenti. Ndaitana katatu. Mwina kagona. Mwina akuyamwitsa. Ana akamayamwa salira.